Tsiku Lomira Galimoto

Januwale aliyense, mtsinje ukauma gwa ngati konkire,
timakankhira chiphapha cha galimoto pakati pa ayezi.
Injini tinazula kalekale, mafuta tinakhetsa,
chatsala ndi chigoba chobiriwira
ndi wotchi yomangirira pa chiwongolero.
Tikiti ndi madola asanu.
Lembani tsiku, ola ndi mphindi
imene mtsinje udzayasamule n'kuimeza.

Ndine Verna Dyck, msungichuma.
Masamu sindiwadziwa kwenikweni,
koma tsiku la chisankho ndinatuluka kukateleka khofi,
pobwera ndinapeza akundiombera m'manja.
Papita zaka khumi ndi zinayi.

M'kalabu yathu tatsala khumi ndi atatu.
Wamng'ono pa tonse mutu uli mbuu,
timamutumabe kunyamula mipando
poti ndiye mwana.

Tikufuna minibasi yokweza anthu ndi chikuku chawo chomwe,
yopita ku Brandon katatu pa sabata,
kumene makina amagwira ntchito imene impso zinatula pansi.
Imene tili nayo, chitseko timamanga ndi lamba,
ikaona chitunda imayamba kupemphera.

Timagulitsa pakhomo pa sitolo, mphepo ya ku Manitoba ikucheka makutu.
Bolopeni imanyanyala m'chisanu chotere,
timalembera pensulo.
Gladys Kowalchuk anakhuthula timakobidi ta m'botolo,
n'kulemba tsiku lobadwa galu wake.
Marisol, wobwera chaka chatha kuchokera ku Iloilo,
wogwira usiku kufakitale ya nyama ya nkhumba,
anayang'ana kumtsinje nthawi yaitali:
"Mulibe munthu m'menemo eti?"
Atatsimikiza anagula khumi.

Chingwe chachitsulo ankamanga ndi Orest Hrycak,
kuchokera ku bampala mpaka ku mtengo wa pagombe,
kuti mtsinje ubwereke chabe, usatenge.
Anamanga chaka chino akutsokomola,
magolovesi atavula, zala zili psuu.
Febuluwale tinamuika, nthaka anachita kuiwotha ndi moto kuti ikumbike.
Tikiti yake ili m'chitini cha mabisiketi:
Epulo 9, 3:20 masana,
zilembo zopendekera ngati mpanda wa mlimi waulesi.

Epulo atalowa, ayezi anayamba kuda.
Atsekwe anabwerako, akukangana kumwamba.
Anthu ankadyera nkhomaliro m'malole awo pagombe,
maso ali pa chigoba chija, ngati chingayankhule.
Pa 9 ndinapita, sindibisa.
Ndinakhala mpaka mdima.
Galimoto inangoti njo, madzi akunyambita matayala.

Inamira pa 11, m'bandakucha,
tauni yonse ili m'tulo.
Palibe anaona. Wotchi yokha ndiyo mboni: 4:52.

Wopambana ndi dalaivala wa thiraki wa ku Yorkton
amene anaima kuno kudzagula ndudu.
Nditamuimbira anati, "Galimoto iti?"
Cheke chake ndinatumiza Lolemba.
Sanabwezeko kalikonse, ndipo nzake, anawina.
Orest anaphonya ndi masiku awiri.
Zaka makumi atatu akuphonya,
ndipo chaka chilichonse ankati mtsinje ndiwo walakwitsa.

Ndawerenga katatu patebulo la kukhitchini,
magalasi ali pamphuno, tiyi atazizira:
tapereweza madola 3,140.
Ndiye kuti Juni tikazinga zitumbuwa pabwalo la sukulu,
Ogasiti titolera mabotolo khomo ndi khomo,
ndipo lamba uja apirire nyengo ina.

Dzulo Delbert anabwera ndi thirakitala.
Chingwe chinakungika, chinalira,
chiphapha chinavuuka chikusanza matope,
kansomba kakuphiriphitha pampando wa dalaivala.
Mwana wathu wa imvi anakanyamula m'chipewa kukabwezera m'madzi.

Kenako tinafika pa mfundo ya ku bampala.
Anayesa Delbert, anayesa Lorne ndi pulayala,
ndinayesa ine, chikhadabo n'kuthyoka.
Wina anati tidule.
Palibe anapita kukatenga sowo.
Takokera galimoto kuseri kwa holo, chingwe chikukhwekhwereka m'fumbi,
mfundo ili momwemo,
kudikira Januwale.